Nyambo Ikalemera, Chala Chisagone

Anthu ambiri a kumapiri kuno, ku Angonia, Tsangano ndi Makanga, nyanja ya Cahora Bassa amaidziwira pa msika. Kapenta ndi pende wouma wa ku Chicoa amafika pa Ulongwe ndi pa Zobwe m'matumba, ndipo wogula safunsa kuti anagwidwa motani. Koma panyanjapo pali usodzi winanso umene nsomba zake sizifika pa msika. Uwu ndi wa alendo ochokera ku South Africa, Zimbabwe ndi maiko ena, amene amabwera ndi ndodo ndi makina a mbedza kudzalimbana ndi mcheni, nsomba ya mano akuthwa ija imene iwo amaitcha tiger. Ambiri mwa iwo akaugwira mcheniwo amangoujambula chithunzi ndi kuubwezera m'madzi. Alendowa amafuna munthu woyendetsa boti amene akudziwa madzi komanso zida zawo, ndipo anyamata ena a m'maboma a m'malire muno akudyera ntchito imeneyi.

Nyanjayi inachita kupangidwa ndi anthu. Ntchito yomanga damu pa mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Songo inayamba m'chaka cha 1969, ndipo madzi anayamba kudzaza mu Disembala 1974. Lero atambalala makilomita pafupifupi 250 kukafika cha ku Zumbo. Nkhalango ya m'chigwamo inamira, ndipo zitsa zake zikadalipo pansi pa madzi. Kapenta anatsika ndi mtsinje kuchokera ku Kariba, kumene anamuika m'zaka za 1967 ndi 1968 atamutenga ku nyanja ya Tanganyika, ndipo mcheni umanenepera kapenta yemweyo.

Bambo wina wa ku Domwe, amene anakulira ku msasa wa othawa nkhondo cha ku Dedza, anabwerera kwawo pamodzi ndi anzake m'zaka za 1993 ndi 1994, pangano la mtendere la pa 4 Okutobala 1992 litagwira. Anapeza munda utasanduka tchire, m'khola mulibe ngakhale thole. Motero anatsikira ku nyanja, nagwira ntchito ya usiku pa maboti a kapenta, ndipo patapita zaka anayamba kuyendetsa alendo. Lero mutu wachita imvi, koma anzake a padoko amati palibe makina a mbedza amene amamukanika.

Posachedwapa mwana wa mlongo wake anamutsatira ku nyanjako ali ndi ndalama za mbatatesi za chaka chonse m'thumba. Amayi ake ankafuna kuti ndalamazo zigule malata, popeza nyumba yaudzu inali ikudontha. Mnyamatayo anaumirira kuti agule makina akeake ophunzirira, chifukwa palibe mlendo amene angabwereke zida zake zodula kwa munthu wosadziwa. Akanagula zolakwika, malata akanapita ndipo ntchito sakanaipeza.

"Malume, ndaona ena okongola m'sitolo ku Tete, opepuka ngati foni. Pabokosi alembapo kuti ali ndi mabering'i 12," anatero mnyamatayo.

"Mphwanga, bokosi siliwedza. Yamba wandiuza kulemera kwa nyambo imene udzaponya," anayankha malume akewo.

Makina okulungira chingwe cha mbedza, amene pa Chingerezi amati reel ndipo pa Chipwitikizi carreto, alipo a mitundu ikuluikulu iwiri. Ena amalendewera kunsi kwa ndodo, ndipo gudumu lawo la chingwe siliyenda poponya, chingwe chimangovundukuka chokha. Amenewa savuta kuphunzira ndipo ndi abwino pa nyambo zopepuka. Ena amakhala pamwamba pa ndodo, ndipo poponya gudumu lenilenilo limazungulira. Awa ndiwo amatchedwa baitcaster. Amagwira ntchito ngati chopukusira chidebe cha pa chitsime: chingwe chimalowa ndi kutuluka molunjika, chosapotoka, ndipo mkombero wa gudumu ndi wogwiridwa mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake amapirira nyambo zolemera ndi nsomba zamphamvu.

Makina a mtunduwu anatchuka poyamba ku Kentucky m'dziko la America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo owapanga ake anali amisiri a mawotchi. Kampani ya ABU ya ku Sweden, imene nayonso inayamba ngati fakitale ya mawotchi mu 1921, inatulutsa makina otchedwa Ambassadeur mu 1952, ndipo mtundu umenewu ukupangidwabe. Bambo wa ku Domwe uja amakonda kunena mbiriyi kwa ophunzira ake kuti amvetse kuti chinthuchi n'chachibale ndi wotchi, ndipo wochigwira ngati khasu amachiononga.

Vuto la makinawa aliyense woyendetsa ngolo akhoza kulimva. Ngolo yodzaza matumba ikamatsika chitunda, ng'ombe zikachepetsa liwiro ngoloyo imafunabe kuthamanga, ndipo ngati palibe buleki imazigunda kumbuyo. Nyambo ndiyo ng'ombe, gudumu ndilo ngolo. Nyambo ikaponyedwa imakoka chingwe ndi kuzunguza gudumu mwaliwiro zedi. Kenaka mphepo imaibweza, kapena imagwera m'madzi, koma gudumu limapitirizabe kutulutsa chingwe chimene palibe akuchikoka. Chingwecho chimafufuma ndi kupiringizana m'makinamo ngati tsitsi losapesa, ndipo olankhula Chipwitikizi amachitchadi cabeleira. Pa nyambo yopepuka, chotayika ndi nthawi yomasulira basi. Pa nyambo yolemera, chingwe chikagwidwa mwadzidzidzi nyamboyo ili m'malere, chimaduka ngati mfuti yalira, ndipo nyambo ya mtengo wapatali imakagwera kutali osapezekanso.

Tsono posankha, malumewo anayambira pa nyambo, kenaka ndodo, ndipo makina anabwera pomaliza. Nyambo za mcheni zambiri ndi zachitsulo kapena zamkuwa zooneka ngati supuni, zolemera magalamu 20 mpaka 40, koma ziliponso zikuluzikulu zooneka ngati nsomba zimene zimapyola magalamu 60. Ndodo iliyonse yabwino ili ndi malembo pafupi ndi chigwiriro osonyeza kulemera kwa nyambo imene ingathe kuponya. Kawirikawiri amalemba ndi muyeso wa oz, ndipo oz imodzi ndi magalamu 28. Ndodo yolembedwa 1-4 oz ingaponye magalamu 28 mpaka 113. Munthu akapachika nyambo yoposa pamenepo, nsonga ya ndodo imathyoka ngakhale makina akhale abwino motani.

Makinawo ali ndi masaizi. Ang'onoang'ono, olembedwa 100 kapena 150, anapangidwira nyambo zopepukirapo, ndipo magiya awo amatha msanga akamakoka zolemera tsiku ndi tsiku. Pa nyambo zolemera pamafunika olembedwa 300 kapena 400, kapena ozungulira ngati chitini aja monga Ambassadeur 6500. Gudumu lawo ndi lalikulu, limatenga chingwe chonenepa chochuluka, ndipo nsomba ikathawa mamita ambiri chingwe chimatsalabe. Thupi la makinawo likhale lachitsulo cha aluminiyamu, chifukwa la pulasitiki limapindika pang'ono pokoka katundu wolemera, magiya n'kumalumana mokhota. Magiya amkuwa amakhalitsa. Za kuchuluka kwa mabering'i malumewo sanazilabadire: anayi kapena asanu abwino amaposa 12 ochita dzimbiri mvula yoyamba.

Palinso nambala ina yolembedwa motere: 6.3:1. Tanthauzo lake ndi lakuti munthu akapukusa chigwiriro kamodzi, gudumu limazungulira kasanu ndi kamodzi ndi pang'ono. Izi zili ngati magiya a njinga. Nambala yotsika, monga 5:1, ndi giya ya pachitunda: imakoka pang'onopang'ono koma mwamphamvu, ndipo ndi yoyenera nyambo zazikulu zomira kwambiri zimene zimalimbana ndi madzi. Nambala yokwera, monga 7:1 kapena 8:1, imabweza chingwe msanga koma imatopetsa dzanja nyambo ikakhala yolimba kukoka. Mcheni umakonda nyambo yothamanga, ndipo ukaluma nthawi zina umathamangira ku boti, chingwe n'kulefuka. Poti mnyamatayo ndalama zake zinali za makina amodzi okha, malumewo anamulangiza za pakatikati, cha m'ma 6.

Funso lomaliza linali lakuti makinawo akaonongeka adzakonzedwa ndi yani. Kuchokera ku Songo kufika ku Tete ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo si kachitsulo kalikonse kamene kangapezeke kumeneko. Kachitsulo kamene kamayendetsa chingwe uku ndi uku kuti chiyalane bwino pagudumu ndiko kamatha msanga. Motero ndi bwino kugula mtundu umene anthu ambiri ali nawo, woti akufa amodzi akhoza kupereka ziwalo kwa anzake. Mnyamatayo pomaliza anagula ozungulira ogwiritsidwapo kale ntchito. Malumewo anawayesa motere asanalole kuti ndalama ituluke: anamasula gudumu naliomba ndi chala kuti aone ngati likuzungulira mwakachetechete, anapukusa chigwiriro kuti amve ngati magiya akugwira nthawi yomweyo, anayesa kuchibweza m'mbuyo kuti atsimikize kuti chikukana, ndipo anakoka chingwe ndi dzanja kuti amve ngati chikutuluka mosadukiza.

Chingwe nachonso chili ndi malamulo ake. Wophunzira ayambe ndi cha nayiloni, chifukwa n'chotsika mtengo ndipo chikapiringizana sichipweteka mtima kuchidula. Cholukidwa chija, chimene chinafala m'zaka za m'ma 1990, n'cholimba kwambiri ndipo sichitamuka, koma chikakhala chopyapyala chimadzilowerera chokha pagudumu nsomba ikakoka, ndipo poponya kotsatira chimagwira ndi kuduka. Pa nyambo zolemera chikhale chonenepa, chopirira makilogalamu 23 mpaka 30, ndipo pansi pake payambe pakulungidwa nayiloni pang'ono kuti chisaterereke. Gudumu lisadzaze mpaka pakamwa, patsale mamilimita awiri kapena atatu. Kumapeto kwa chingwe kumangidwe waya, popeza mano a mcheni amadula nayiloni ngati lumo.

Atagula, ntchito yeniyeni inayamba, ndipo inayambira pa bwalo la mpira, boti lili padoko. M'malo mwa nyambo malumewo anamangirira bawuti yolemera mofanana nayo, yopanda mbedza. Anamuonetsa zinthu zitatu zotembenuza, nati aliyense wozisokoneza sanayambe kuwedza.

Choyamba ndi kachitsekerero kozungulira kamene kali mbali ya chigwiriro. Kameneka kamafinya mkombero wa gudumu. Munthu amaimika ndodo mopendekera m'mwamba, nyambo ili lende, kenaka amadina chomasulira gudumu ndi kuchotsa chala. Nyambo ikagwa ngati mwala ndipo chingwe n'kufufuma, kachitsekereroko n'kolefuka. Ikakana kutsika, kathina kwambiri. Poyenera ndi pamene nyambo ikutsika mosathamanga, ndipo ikakhudza pansi gudumu n'kuima osapitirira. Muyeso umenewu ndi wa nyambo imodzi yokhayo. Munthu akachotsa supuni ya magalamu 30 n'kuika nyambo ya magalamu 70, ayenera kuyesanso. Apa ndi pamene ambiri amagwera, chifukwa nsomba zikamadumpha pafupi mtima umathamanga ndipo amaona ngati kuyesako n'kutaya nthawi.

Chachiwiri ndi buleki, imene ili mbali inayo. Mabuleki alipo a mitundu iwiri. Ena ndi timibulu tating'ono tokhala m'kati, timene gudumu likathamanga timatayikira kunja ndi kukhuza khoma, monga m'mene mwala womangidwa pa chingwe umakokera kunja ukamazunguzidwa. Amenewa amagwira kwambiri koyambirira kwa kuponya, pamene gudumu lili pa liwiro lalikulu, ndipo ndi pomwe nyambo yolemera imavutira. Ngati tilipo 6, wophunzira atsegule 4, ndipo azitsegula toyang'anizana kuti gudumu lisapendeke. Ena ndi a maginito, amene anafala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ali ndi kagudumu ka manambala kunja. Wophunzira ayambire pa nambala yokwera, azitsitsa kamodzikamodzi pamene dzanja likuzolowera. Mphepo ya mwera ikamaomba kumaso, buleki ionjezedwe ndipo nyambo iponyedwe motsika, chifukwa mphepo imaimitsa nyambo koma gudumu siliimva.

"Nanga bwanji osangomanga zonse kuti chingwe chisavute?" anafunsa mnyamatayo.

"Ukamanga zonse nyambo igwera pamapazi pako, ndipo mlendo adzafunsa ngati wabwera kudzawedza m'boti. Buleki yomaliza ndi iyi," anatero malumewo, akumuonetsa chala chachikulu.

Chala chachikulu chimapanikiza gudumu munthu asanaponye, chimalimasula ndodo ikamapita kutsogolo, chimayandama pamwamba pa chingwe nyambo ili m'malere kuti chimve ngati chayamba kufufuma, ndipo chimaliimitsa nyambo ikangotsala pang'ono kukhudza madzi. Palibe buleki ya ku fakitale imene imaona nyambo ikugwa, woona ndi mwini wake. Kaponyedwe nakonso kamasintha ndi kulemera. Mnyamatayo, pokhala wa manja a khasu, ankakwapula ndodo ngati chikoti, ndipo chingwe chinkapiringizana nyambo isanapite n'komwe. Nyambo yolemera imafuna kuilendeweza masentimita 50 kapena kuposerapo kuchokera ku nsonga, kuitengera m'mbuyo mofatsa mpaka ndodo imve kulemera kwake, ndi kuikankha ndi manja awiri mosadzidzimutsa. Ndodo ndiyo imaponya, munthu amangoiperekeza. Ndipo m'boti, asanaponye ayang'ane kumbuyo, chifukwa mbedza zitatuzitatu za nyambo yotere zikakola khutu la mlendo ulendo wathera pomwepo.

Kuti chingwe chisathe ndi kudula, malumewo anamuphunzitsa nzeru ina. Anatulutsa chingwe chotalika kuposa pamene mnyamatayo akanatha kuponya, namata kachidutswa ka tepi pa chotsala pagudumu, kenaka n'kukulunganso. Motero kupiringizana kulikonse kunkalekeza pa tepipo. Pomasula, anamuletsa kukoka mwaukali popeza kutero kumamangitsa mfundo. Munthu amakoka pang'onopang'ono mpaka pamene chagwira, n'kutukula kachingwe kamene kapingasa, n'kukokanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu ndi chitsulo chooneka ngati nyenyezi chimene chili kuseri kwa chigwiriro. Ichi sichikhudzana ndi kuponya. Ntchito yake ndi kulola chingwe kutuluka nsomba ikakoka mopyola muyeso, kuti chisaduke. Lamulo lodziwika ndi lakuti chingwe chiyambe kutuluka mphamvu ikafika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena limodzi mwa atatu, la mphamvu imene chimadukira. Sikelo siisowa kumudzi: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Pa nayiloni yopirira makilogalamu 12, munthu amange chigubu cha malita atatu kapena anayi ku chingwe chochokera m'makina, n'kutembenuza nyenyeziyo mpaka chigubucho chiyambe kutsika pang'onopang'ono. Pa chingwe cholukidwa chonenepa chija, muyeso utengedwe pa chinthu chofooka kwambiri, kaya ndi mfundo, waya, mbedza kapena ndodo.

Mcheni uli ndi kamwa yolimba ngati fupa, umaluma mwaukali, ndipo ukamva mbedza umadumpha m'mwamba ndi kupukusa mutu. Nyambo yolemera imauthandiza, chifukwa kulemerako kumakoka mbedza n'kuizula. Nyenyezi ikalefuka kwambiri mbedza silowa, ikathina kwambiri chingwe chimaduka pa kukoka koyamba. Ukathawira ku zitsa zomira zija, msodzi aonjezere mphamvu ndi chala pagudumu kwa kanthawi, m'malo momanga nyenyezi nkhondo ili m'kati, popeza chala chimachoka msanga pamene nyenyezi yomangidwa imaiwalika.

Madzulo aliwonse bamboyo amamasula nyenyezi ya makina onse a m'boti mwake kuti tizikopa ta m'kati tisaphwatalale. Amapukuta fumbi ndi mchenga, amadontheza kadontho kamodzi ka oilo wopepuka pa bering'i iliyonse ya gudumu, ndipo girizi amapaka pa magiya pokha. Girizi akalowa m'mabering'i a gudumu, makina amalemera ndipo saponya patali. Mlendo akafika ndi makina ake, bamboyo amapempha kuti awagwire kaye boti lisananyamuke, n'kuyesa zitatu zija ndi nyambo imene mlendoyo wasankha. Amati mlendo amene wataya m'mawa wonse akumasula chingwe sadzudzula makina ake, amadzudzula woyendetsa boti, ndipo chaka chamawa amafunsa wina.

Mnyamata uja anakhala milungu itatu pa bwalo la mpira, ana akumuseka kuti akuwedza ziwala. Mayeso ake sanali a kuponya patali. Malume ake anamuyalira nyambo zisanu zolemera mosiyana, namuuza kuti aponye iliyonse katatu. Chimene ankayang'ana n'chakuti kodi posintha nyambo adzakumbuka yekha kuyesanso kachitsekerero ndi buleki. Pa nyambo yachinayi anaiwala, chingwe chinafufuma, ndipo anabwezedwa ku bwalo mlungu wina. Ulendo wachiwiri anakhoza. Tsopano amakwera boti ngati wothandizira miyezi yotentha, kuyambira Seputembala, pamene mcheni umaluma kwambiri ndi alendo amachuluka, ndipo mvula ikagwa amabwerera ku munda. Poti anagula makina akale, ndalama yotsala inagula malata a chipinda chimodzi. Mbali inayo ya nyumba ikadali yaudzu.

Mnyamata aliyense wa kuno amene akuganiza zotsata njira imeneyi adziwe kuti makina otere si a aliyense. Wowedza matemba ndi milamba mu Revubwe kapena m'madambo a kwathu kuno, bango ndi mbedza zikumukwanira, ndipo nyambo yopepuka pa makina awa imangobala mavuto. Koma amene watsimikiza zotsikira ku nyanja afunse kwa odziwa asanatulutse ndalama, popeza safunsa anadya phula. Atenge nyambo yake popita kogula, awerenge malembo a pandodo, afunse za chilolezo cha boma chowedzera, ndipo ayambire pa mtunda ndi bawuti mpaka chala chizolowere.